Nthano za Ulendo ndi Mbiri ya Tsankho

Mwana wa kwa Mwambo akakwera galimoto pa Jali ndi makolo ake kupita ku Limbe, maso ake sachoka pa zenera. Amaona phiri la Zomba, minda ndi misika, koma sadziŵa kuti mseu umenewo uli ndi mbiri yoŵaŵa. Kodi mwana wotere angauzidwe bwanji za tsankho la khungu popanda kumubzala chidani mumtima?

Alembi ena a nthano za ana m'maiko akunja adapeza njira yake: kumutenga mwanayo pa ulendo. M'chaka cha 1985 Beverley Naidoo adatulutsa buku lotchedwa Journey to Jo'burg. M'bukumo Naledi ndi mlongo wake Tiro anyamuka kumudzi kukaitana mayi awo amene akugwira ntchito m'nyumba ya Azungu ku Johannesburg, popeza mwana wakhanda wadwala. Panjira aona basi ya Azungu okhaokha ndiponso apolisi akugwira anthu opanda ziphaso. Boma la South Africa lidaletsa bukuli mpaka 1991.

Ku America nako, m'chaka cha 1995 Christopher Paul Curtis adalemba za banja la a Watson, anthu akuda, limene lidayenda pa galimoto kuchokera ku Flint kupita kwa agogo ku Birmingham. Nthanoyo iyamba ndi nthabwala za pabanja, nikafika pa chinthu chimene chidachitikadi pa 15 September 1963: bomba lidaphulika m'tchalitchi cha anthu akuda ndi kupha atsikana anayi.

Luso la mabuku aŵa ndi lakuti woŵerenga amayamba wakonda ana a m'nthanomo, kenaka nkumva kuŵaŵa kwa chipongwe chimene chaŵagwera. Motero amadana ndi chisalungamo, osati ndi khungu la munthu.

Ulendo wa mwana wa kwa Mwambo uja sucheperapo. Adzadutsa mu Zomba, likulu la dziko lino mpaka 1975, m'mene kale munthu wakuda ankayenera kuvulira Mzungu chipewa. Pafupi ndi Namadzi pali njira ya ku Magomero, kumene anthu ankalima thangata m'minda ya A. L. Bruce, ndi kumene William Jervis Livingstone adaphedwa pa 23 January 1915, usiku umene anthu a John Chilembwe adaukira. Chilembweyo, mbusa wa ku Mbombwe, adali ataona kale tsankho ku Virginia kumene adaphunzira.

Amene adaona thangata ndi Chitaganya cha 1953 mpaka 1963 ndi maso awo akalamba, ndipo akutha mmodzimmodzi. Aphunzitsi ndi alembi achite changu kukhala nawo pansi, alembe nthano za ana m'Chicheŵa. Kholo nalo, galimoto ikamayandikira Namadzi, liloze njira ya ku Magomero ndi kuyankha mafunso a mwana mosabisa.