MADZI OTSUKIRA MBALE AMAPITA KUTI?

Mawu amene anayankhulidwa pa msonkhano wa mabanja wokonzekera Idi



 Andipempha kuti ndinenepo za ukhondo wa pakhomo, makamaka kukhitchini, popeza masiku a Idi ndiwo masiku amene miphika imachuluka pamoto, mbuzi zimazingidwa, alendo amadzaza mkeka, ndipo pofika madzulo mbale zakuda zimakhala mulu. Tsono funso langa nali: tikatsuka zonsezo, madzi akudawo amapita kuti?

Abale anga, ife tili pa chilumba. Likoma yense ndi masikweya kilomita 18 okha, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 14,000 pa Likoma ndi Chizumulu. Munthu wa ku Mzuzu akataya madzi akuda, amatsikira kukhwawa n'kupita kwa ena. Ife kuno "kwa ena" kulibe. Kaya muli ku Makulawe, ku Ulisa, ku Mbamba kapena ku Nkhwazi, mtsetse uliwonse umaloza kunyanja. Chimene mwataya kuseri kwa khitchini lero, mvula idzachikokolola, ndipo mawa mwana wanu yemwe adzapita ndi ndowa kukachitunga.

Ena amati nyanja ndi yaikulu, imadzitsuka yokha. Kukula ndi yaikuludi, ndipo pena kuya kwake kumafika mamita 700. Koma khomo lake lotulukira madzi ndi limodzi basi, mtsinje wa Shire ku Mangochi. Madzi ambiri amachoka ndi dzuwa ngati nthunzi, ndipo nthunzi ikamakwera litsiro imalisiya. Akatswiri amati pamatenga zaka mazanamazana kuti madzi a m'nyanjayi asinthike onse. Komanso ndani wa ife amatunga pakati pa nyanja? Timatunga pagombe, polekeza m'maondo, pomwe wina akuchapa matewera, wina akutumbula nsomba, wina akukwecha poto.

Sitinaiwale kolera. Inayamba mu March 2022 ku Machinga, ndipo pofika August inali itavuta ku Nkhata Bay, doko lomwe timakwerera ndi kutsikira Ilala. Pa 5 December 2022 boma linalengeza kuti dziko lili pa ngozi ya mliri. Pofika 2023 anthu oposa 58,000 anali atadwala, oposa 1,700 atamwalira, ndipo panalibe boma limene linapulumuka, ngakhale lathu lino la pakati pa madzi. Chinadabwitsa anthu n'chakuti inafalikira m'chilimwe, mvula kulibe. Siinadikire dzinja ayi. Inayenda ndi ndowa, manja ndi mbale.

Ndiyambe ndi chinthu chimene tonse tili nacho ndipo sitigula: phulusa. Amayi mumadziwa chidulo. Mukatcheza madzi paphulusa n'kuwakhudza, amaterera ku zala ngati sopo. Kutererako si kwachabe. M'phulusa la nkhuni muli mchere waukali umene ukakumana ndi mafuta umawasungunula, moti sopo weniweni makolo a maiko ambiri ankapanga ndi zinthu ziwiri zomwezi, madzi a phulusa ndi mafuta a nyama. Ndiye poto wa nyama ya mbuzi, wa mafuta ogwirana aja, musamuthere sopo wa ufa paketi yonse. Yambani mwapala zotsalira, mupatse nkhuku. Thiranimo madzi otentha pang'ono ndi phulusa losefa lodzaza dzanja, musiye kanthawi, kenaka kwechani ndi chinkhupule, n'kutsukuluza ndi madzi oyera. Mafuta amachoka, fungo limachoka. Sopo atsalire kumaliza, ndipo mudzaona kuti mtanda umodzi wakufikitsani kutali.

Koma phulusa nalo lili ndi malamulo ake. Likhale la nkhuni kapena makala okhaokha. Moto umene mwayatsira jumbo kapena sapato yakutha, phulusa lake ndi lapoizoni, musaliyandikize ku mbale. Mapoto oyera opepuka aja a aluminiyamu musagoneke ndi phulusa m'kati usiku wonse, amada ndipo pang'onopang'ono amadyeka. Mukamaliza sambani m'manja, chifukwa limaumitsa khungu. Ndipo nzeru ya agogo athu ija ikadali yabwino: musanateleke poto pa mafuwa, matani kunja kwake ndi phala la phulusa. Mwaye umagwira paphulusapo, potsuka umangoyoyoka, osati kukwecha mpaka msana kuwawa.

Mchenga nawo umagwira ntchito kunja kwa poto. Koma pa mbale za pulasitiki, mthiko ndi chipande, mchenga umasiya timizere, ndipo m'timizeremo ndi momwe litsiro limabisala. Pempho langa lalikulu lero ndi ili: mchenga ubwere kunyumba m'chitini, poto asapite kugombe.

Ndikudziwa kuti pamenepa ena mwayamba kung'ung'udza. Kusenza ndowa kukwera nayo mtunda wa miyala n'kolemetsa, pomwe kugombe madzi ndi aulere ndipo macheza aliko. Sindikukana. Koma taonani zimene zimachitika. Makoko a nsima, mafuta ndi thovu la sopo zikalowa m'madzi osaya, zimakhala ngati manyowa, ndere zimamera pamiyala, ndipo nkhono zimapeza chakudya. Nkhono zina mwa zimenezi ndizo nyumba ya likodzo. Munthu wodwala akakodza m'madzi, mazira amaswa, tizilombo timalowa m'nkhono, timachulukana m'menemo, kenaka timatuluka n'kuboola khungu la aliyense woima m'madzimo. Sikuti mpaka umwe ayi, kungoima. Tsono mayi amene waima ola lathunthu akutsuka miphika, mwana ali pambali akusewera, wadzipereka yekha. Ku Chembe, ku Cape Maclear, ofufuza anapeza kuti nsomba zodya nkhono zitachepa chifukwa cha makoka, nkhono zinachuluka ndipo likodzo linakula. Nyanja yake ndi yomweyi. Madzi otunga mukawasunga m'ndowa masiku 2, tizilombo ta likodzo timafa, ndiye mukhoza kusamba ndi kutsukira mopanda mantha. Mwana akamakodza magazi musanene kuti wakula, pitani naye ku chipatala cha St Peter's, mankhwala ake alipo.

Abambo, gawo lanu lafika, musayang'ane kumbali. Kuseri kwa khitchini kumbani dzenje lolekeza m'chiuno, mudzazemo miyala. Miyala pa Likoma sitigula, ndiyo imatipunthwitsa tsiku ndi tsiku. Pamwamba pake mangani thandala. Madzi otsukira mbale azilowa m'dzenjemo, nthaka iwasefe, osayenderera pabwalo pomwe ntchentche ndi udzudzu zimakondwa. Pambali bzalani nthochi kapena papaya, mudzadya zipatso za madzi amene mukadataya. Mbale zikatsukidwa zivundikiridwe pathandala, dzuwa liumitse. Dzuwa la kuno limapha tizilombo tambiri ndipo silifuna malipiro. Kansalu kamodzi kaja kopukutira mbale zonse, komwenso kamapukuta manja ndi mphuno ya mwana, kamabwezera pambale zimene mwangochotsa kumene.

Fungo la usipa kapena utaka pa mpeni ndi pathabwa lodulirapo limatha ndi ndimu ndi mchere pang'ono. Chenjezo limodzi: ndimu kapena viniga musasakanize ndi Jik kapena kulorini. Zikakumana zimatulutsa mpweya wopweteka maso ndi chifuwa, ndipo m'khitchini yotseka munthu akhoza kukomoka.

Tsopano mundimvetse bwino, chifukwa apa ndi pamene anthu okonda zachilengedwe amalakwitsa. Phulusa ndi la miphika. Ndimu ndi wa fungo. Madzi akumwa sayera ndi zimenezi. Madzi a m'nyanja amaoneka mbee, mpaka kuona mbuna pansi, koma kachilombo ka kolera sikaoneka ndi maso. Njira yoyamba ndi kuwiritsa mpaka abwate ndithu kwa mphindi imodzi. Ndikudziwa mtengo wa nkhuni, zambiri zimachita kuoloka pa ngalawa kuchokera tsidya la Mozambique. Ndiye pali WaterGuard: kachitsekero kamodzi m'ndowa ya malita 20, takasani, dikirani mphindi 30. Pali kulorini amene alangizi a zaumoyo amagawa, ndipo muyezo wake mufunse iwowo, osangoyerekeza. Amene amati amanunkha, ndikuti fungolo limachepa madzi akakhala, koma m'mimba mwa kolera simudikira. Zonse zikasowa, thirani madzi oyera m'botolo la pulasitiki loonekera m'kati, muligoneke padenga la malata pa dzuwa maola 6, kukakhala mitambo masiku 2. Ndowa ya madzi akumwa ikhale yovundikira, ndipo makapu akhale awiri: yotungira, ndi yomwera. Yomwera isalowe m'ndowa, ngakhale womwayo akhale mlendo wolemekezeka.

Za tsiku la Idi lenileni. Dzenje lozingirapo likumbidwe dzulo lake, kutali ndi gombe ndi chitsime. Magazi ndi zam'mimba zilowe m'menemo, pamwamba phulusa, kenaka dothi, agalu asafukule. Matumbo atsukidwire pakhomo m'beseni, madzi ake apite m'dzenje lomwelo. Chizolowezi chotuma anyamata kukatsuka matumbo kunyanja chithe, chifukwa mamita ochepa kuchokera pamenepo pali wina akutunga madzi a tiyi. Mpeni ndi thabwa zimene zakhudza nyama yaiwisi zisakhudze tomato ndi anyezi wodya osaphika zisanatsukidwe ndi madzi otentha. Mpunga ndi nyama zotsala zivundikiridwe, ndipo podya mawa zitenthetsedwe mpaka nthunzi itulukire m'kati, osati kungofunditsa.

Kusamba m'manja. Beseni limodzi limayamba kwa agogo, n'kupita kwa abambo, kwa alendo, ndipo likamafika kwa ana madzi asanduka msuzi. Ulemu uli apo ndithu, koma mwana ndiye wasamba litsiro la anthu 10. Ife amene timapanga wuzu kasanu patsiku tikudziwa kale kuthira madzi kuchokera m'ketulo, nanga bwanji pa chakudya timaiwala? Mmodzi athirire ena ndi jagi, beseni likhale lolandira madzi akuda basi, ndipo sopo akhalepo. Pamanja sopo ndiye mfumu, phulusa ndi wogwirizira sopo akasowa. Pafupi ndi chimbudzi ikani mpondagiya, kachigubu ndi chingwe ndi kamtengo, mwana wa Sitandade 5 akhoza kupanga. Ndipo popeza alendo adzachuluka, m'chimbudzimo muikemo chitini cha phulusa, aliyense akatha athire pang'ono n'kutseka pa dzenje. Fungo limachepa, ntchentche zimathawa.

Majumbo ndingonenako pang'ono. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, ndipo Khoti la Supreme linatsimikiza chiletsocho mu 2019. Ife chifukwa chathu n'choposa lamulo: jumbo iliyonse imene yatsika m'sitima imatsala pano, palibe imene imakweranso kubwerera. Amene mumazinga mbuzi mwazipezapo m'chifu, zitapotana ngati chingwe. Pogawa nyama kwa anansi ndi kwa osowa, tumizani m'mbale yovundikira, mbaleyo idzabwera.

Chomaliza, wina akayamba kutsegula m'mimba kwa madzimadzi, ngati madzi otsukira mpunga, musadikire kuti kuche, ndipo musachite manyazi kuti ndi tsiku la chikondwerero. Kolera imatha kupha munthu wamkulu m'maola ochepa chifukwa cha kutha madzi m'thupi. Sungunulani paketi ya Thanzi m'lita imodzi ya madzi otetezedwa. Ngati palibe, m'lita imodziyo thirani masupuni a tiyi 6 a shuga osadzaza mpaka phiri, ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere. Azimwa pang'onopang'ono muli m'njira yopita ku chipatala. Woyamwa apitirize kuyamwa. Zovala ndi zofunda za wodwalayo ziviikidwe m'madzi a kulorini pakhomo, madzi ake atayidwe m'chimbudzi, ndipo wosamalira wodwala asagwire chakudya cha ena asanasambe ndi sopo.

 Idi Mubarak kwa nonse.