Denga la Nyumba ndi Magetsi a Dzuwa ku Rufunsa

Caka ca 2024 mvula inakana kugwa, madzi a m'nyanja ya Kariba anaphwa kwambiri, ndipo m'mwezi wa September anthu a mu Lusaka ndi a ku migodi anali kukhala mumdima maola 17 pa tsiku, pena kuposa apo. Kuyambira pamenepo dzina la sola lili pakamwa pa munthu aliyense. Tsono ambiri ogwira nchito m'tauni, akalandira malipiro, amagula panelo ndi batire, nazikweza pa basi ya pa Great East Road kuti zikafike kwa makolo ao ku Cinyunyu, kwa Bunda Bunda kapena kwa Mpanshya, m'boma la Rufunsa, limene linapatulidwa ku Chongwe mu 2013. Mtima wotere ngwabwino. Koma pali funso limene wogula amaiwala ali m'sitolo: kodi denga la kumudzi lingathe kusenza katunduyo?

Panelo lalikulu, la mawati 400 kapena 500, limalemera makilogalamu 20 ndi kupitirira, ndipo m'litali mwace muli ngati mamita awiri. Likhoza kugwira nchito zaka 25. Denga la malata opyapyala okhomedwa pa mitengo ya m'thengo silifika zaka zotere. Cifukwa cace munthu wanzeru amayamba walowa m'nyumba ndi kuyang'ana kumwamba. Atenge msomali kapena nsonga ya mpeni, abaye mapaso ndi mitanda umodzi umodzi. Mtengo umene wadyedwa ndi ciswe umaoneka wamphumphu kunja, koma mpeni umangolowa ngati mu nsima, ndipo wofumbwa umagwetsa ufa pansi. Masana ayang'anenso ngati kuwala kulowa pa malata, pakuti pamene pabooka ndi dzimbiri pomwepo padzadontha. Kukonza denga lotere mapanelo atamangidwa kale ndiko kulipira mmisiri kawiri, poyamba kuti awatsitse, pambuyo kuti awakwezenso.

Komabe kulemera sindiko koopsa kwenikweni. Coopsa ndi mphepo ija imene imatsogolera mvula yoyamba m'mwezi wa November, imene caka ndi caka imasasula madenga a masukulu ndi a machalichi. Mphepoyo ikalowa kunsi kwa panelo imalikankhira kumwamba. Ngati panelo linangomangidwa pa lata ndi waya, liuluka pamodzi ndi latalo. Mabauti ayenera kupyola lata ndi kuluma mtanda, ndipo mtandawo ukhale womangidwa kolimba ku khoma. Nyumba zimene malata ace amatsinjidwa ndi miyala ndi njerwa zanena kale zokha kuti sizikhulupirika.

Cina ndico kumene denga lapenya. Rufunsa ali madigiri ngati 15 kumwera kwa ikweta, kotero kuti m'miyezi yozizira ya June ndi July dzuwa limayenda mopendekera kumpoto. Mbali ya denga yopenya kumpoto ndiyo yoyenera. Kampasi safunika: munthu aimirire, dzanja lamanja liloze kotulukira dzuwa, ndipo nkhope yace idzakhala italunjika kumpoto. Denga lopenya kum'mawa kapena kumadzulo silitaya mphamvu yambiri m'dziko lino, koma lopenya kumwera limacepetsa magetsi pa nyengo yomweyo imene usiku ndi wautali. Kupendekeka kwace kukhale kwakuti pa mapazi anai panelo likwera phazi limodzi. Likagona cathyathyathya, fumbi la August ndi phulusa la lupsa zimakhazikika pa galasi, ndipo mvula silingathe kuzitsuka bwino.

Nkhani ya mthunzi imabala makangano m'banja. Mango amene anabzala agogo ali pakhomo, ana amadya zipatso zace, akulu amaweruza milandu patsinde pace. Nanga adulidwe cifukwa ca nyali? Kawirikawiri sikufunika kutero. Kusadza nthambi ziwiri kapena zitatu kumakwana. Koma mthunzi usapeputsidwe, pakuti timagawo ta m'panelo tinalumikizidwa motsatana ngati mikanda pa ulusi umodzi, ndipo kagawo kamodzi kakaphimbika, mphamvu ya anzace onse a mu mzerewo imatsika. Mwini nyumba apenye denga lace pa 9 koloko m'mawa, masana, ndi pa 3 koloko madzulo. Acite zimenezi m'mwezi wa June ngati nkotheka, popeza ndipo pamene mithunzi imatalika. A m'midzi ya patsinde pa mapiri akumbukire kuti phiri nalonso limacedwetsa dzuwa.

Pakati pa lata ndi panelo pasiyidwe mpata wolowa cikhatho kuti mpweya uzipita. Ambiri amayesa kuti kutentha kwa October ndiko kumaonjezera magetsi. Iai, panelo limadya kuwala, ndipo likatentha kwambiri mphamvu yace imacepa.

Anthu a ku migodi amene ali m'nyumba zakale za madenga a asibesito acenjere koposa. Madengawo akakalamba amasweka pansi pa phazi la munthu, ndipo fumbi lotuluka powaboola limaononga mapapo, ngakhale matenda ace amaonekera patapita zaka zambiri. Nchito imeneyo njosayenera kuigwira ndi cobooletsa ca pakhomo.

Nanga nyumba ya udzu? Kapanelo kakang'ono ka nyali ndi foni kangathe kuikidwa padenga m'mawa ndi kulowetsedwa madzulo, monga acitira ambiri. Lalikulu lisakwere pa udzu, pakuti udzu umafoleredwanso patapita zaka zowerengeka, umaola pamene paphimbika, ndipo waya wocekeka pa udzu wouma ndi moto. Kumeneko kuli bwino kuzika msanamira yacitsulo mu simenti pabwalo, pafupi ndi nyumba kuti waya asatalike, patali ndi pofika mbuzi ndi miyala ya ana. Pamenepo ngakhale mayi wokalamba angathe kupukuta galasi ndi nsalu yonyowa m'mamawa, dzuwa lisanalitenthetse, osafuna makwerero.