Pabwalo sapambana ndi kukuwa

Ine ndine mlimi wa kuno ku Angónia, sukulu ndidalekera kupulaimale, koma ndikufuna ndikuuzeni zimene ndidaphunzira pabwalo la milandu.

Chaka chatha ndidakangana ndi mnansi wanga pa nkhani ya malire. Adalima mizere isanu ndi umodzi mbali imene ine ndinkati ndi munda wa mayi anga. Tsiku loyamba kwa anyakwawa ndidafika mtima uli m'mwamba. Mnzanga akati ayankhule, ine kumudula pakamwa. Ndidamutchula wakuba pamaso pa anthu. Mlandu udaimitsidwa, ndipo amene adadzudzulidwa ndine.

Usiku amalume adandikhazika pansi nati, "Mphwanga, wakuwa tsiku lonse, nanga wanena chiyani? Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Ulendo wachiwiri tidapita kukhoti la m'mudzi, aja makhoti adakhazikitsidwa ndi lamulo la 1992 kuti aziyanjanitsa anthu. Ndidayala nkhani mwandondomeko: adatsegula mundawo ndani, nkhadze za m'malire adabzala ndani, zidali pati. Kalata ndidalibe, koma ndidabwera ndi agogo awiri amene adaona ndi maso. Paja lamulo la malo la 1997 lidavomereza kuti umboni wapakamwa wa anthu a m'mudzi, amuna ndi akazi, ndi umboni ndithu.

Kenaka ndidakhala chete, ndikumvetsera. Eti abale, mnansi wangayo sadali kunama zonse. Nthawi ya nkhondo mayi anga adathawira ku Malawi, bambo ake adatsala. Nkhadze zidapsa ndi moto wa tchire, iwo n'kumalima mpaka pachulu. Mayi atabwerera, mtendere wa 1992 utabwera, adangogwirizana pakamwa, ife ana osauzidwa. Agogo aja adavomereza. Mizere inayi idabwerera kwa ine, iwiri idatsala kwa iye, ndipo nkhadze zatsopano tidabzala limodzi.

Tsono malangizo anga ndi awa. Konzani mawu muli kunyumba. Nenani zimene mudaona, zakumva muzisiye. Mboni muzitenga zodziwa nkhani, osati zokukondani chabe. Mlandu ukafika kukhoti la boma ndipo Chipwitikizi simuchimva bwino, pemphani womasulira, musamangoti "sim, sim" chifukwa cha manyazi. Osowa ndalama ya loya afunse a IPAJ, amathandiza amphawi mwaulere.

Lero mnansi uja timabwerekana makasu.