CHOTUPA CHA PAMFUNDO YA DZANJA

Amayi anzanga, m'sewero tamvera lija munali mayi amene anatuluka kachotupa kuseri kwa dzanja, pamfundo pamene timavala wotchi. Apongozi ake anati ndi za anthu, apite akatemere mphini. Mnzake wa kuchigayo anati imeneyo ndi khansa. Mayiyo anagwidwa ndi mantha, nayamba kubisa dzanja lake m'chitenje. Tiyeni lero tikambirane za chotupa chimenechi.

Madokotala amachitcha ganglion. Mwa zotupa zonse zotuluka padzanja, chimenechi ndicho chofala kwambiri. Chimapezeka mwa amayi kuposa abambo, makamaka a zaka za pakati pa 20 ndi 40. Ndiye kuti ndife tomwe timabwera ndi ana kusikelo.

Kodi chimayamba bwanji? M'mfundo za mafupa athu muli timadzi toterera tothandiza kuti mafupa asamakhulane, monga momwe mafuta amathandizira tcheni cha njinga. Nthawi zina kachikopa kokuta mfundoyo kamafooka penapake. Timadzi tija timatulukira pamenepo ndi kupanga kathumba kunsi kwa khungu. Kathumbako kali ndi kanjira kochokera kumfundo. Madzi amalowa mosavuta, koma kubwerera n'kovuta. Akakhalitsa m'menemo amakhala onanda ngati therere. N'chifukwa chake chotupachi chimakula tsiku limene mwasinja, mwachapa kapena mwalima, ndipo chimaphwa mukapuma. Koma musadziimbe mlandu kuti ntchito ndiyo yachibweretsa. Kwa anthu ambiri chimangobwera popanda chifukwa chooneka.

Chotupachi si khansa, ndipo sichisanduka khansa. Sichipatsirana. Mwana munyamuleni, muyamwitseni monga mwa nthawi zonse. Pafupifupi theka la zotupa zotere zimatha zokha popanda mankhwala, ngakhale kuti pamatenga miyezi kapena zaka.

Tsono nkhani yaikulu ndi ya mphini ija. Chonde amayi, musateme, musabaye ndi singano kapena minga. Kathumbako n'kolumikizana ndi mfundo, choncho tizirombo tikalowa timafika mpaka kufupa, ndipo dzanja lingathe kuuma osapindikanso. Lezala lobwerekana lingakupatseni kachirombo ka HIV, ndipo bala lakuda limabweretsa kafumbata. Choopsa china n'chakuti zotupa zina zimatuluka m'kati mwa mkono, chakumunsi kwa chala chachikulu, pamene anamwino amagwira pofuna kumva kugunda kwa mtima. Pamenepo padutsa mtsempha waukulu wa magazi. Kuutema mtsempha umenewo, magazi ake sasiyika ndi kansalu ayi. Kale ku Ulaya anthu ankachimenya chotupachi ndi buku lolemera, kawirikawiri Baibulo, kuti chiphulike. Masiku ano madokotala amaletsa zimenezi, chifukwa munthu angathyole timafupa ta dzanja, chotupa n'kubweranso.

Kuchipatala adokotala amachigwira, amachikankha pang'ono, kenaka amachiwunika ndi tochi. Ngati muli madzi, kuwala kumadutsa. Chikakhala kuti sichikupweteka, angakuuzeni kuti mungochisiya. Musakhumudwe ndi kunena kuti sanandithandize, chifukwa kudikira nakonso ndi chithandizo. Chikamapweteka, amatha kumanga dzanja kuti lipume, kapena kupopa madziwo ndi jakisoni woyera. Dziwani kuti akapopa, nthawi zambiri chimadzabweranso, poti kanjira kaja kamakhala kalipobe. Opaleshoni ndiyo imachotsa kathumba pamodzi ndi kanjira kake. Imeneyi amachita ngati chotupa chikukulepheretsani kugwira ntchito, kapena chikupanikiza mtsempha mpaka zala kuchita dzanzi. Ngakhale pambuyo pa opaleshoni, kwa anthu ochepa chimabwerera.

Komatu si chotupa chilichonse cha padzanja chimene chili ganglion. Musadikire tsiku la sikelo ngati chili cholimba ngati mwala ndi chosasuntha, ngati chikukula msanga, kapena ngati chafiira, chikutentha ndipo thupi nalo latentha. Thamangiraninso kuchipatala ngati mukuonda, mukutuluka thukuta usiku, kapena muli ndi zotupa zina m'khosi ndi m'khwapa. Ambiri timaidziwa TB ngati chifuwa chokha, koma imathanso kutupitsa mfundo ya dzanja, ndipo mankhwala ake alipo.

Palinso vuto lina limene amayi oyamwitsa amalisokoneza ndi chotupachi. Ndi ululu wa m'mbali mwa mkono, kutsinde kwa chala chachikulu, umene umakula ponyamula khanda kapena pofinya matewera. Apo ndi mitsempha yoyendetsa chala imene yatupa. Yesani kumunyamula mwana pomulowetsa manja kunsi kwa matako ndi msana, osati kumukweza m'khwapa zala zazikulu zili chotambasuka. Ululu ukapanda kuchepa pakatha milungu iwiri, mwana akatsika pasikelo awonetseni anamwino dzanjalo.