Munda wa Naboti uli ku Kolwezi



M'buku loyamba la Mafumu, mutu 21, timva za Naboti amene adaponyedwa miyala chifukwa cha munda wake wamphesa. Mfumu Ahabu sadatole mwala ngakhale umodzi. Adangodikira kuti ena atsirize ntchitoyo, iye nkudzalowa m'mundamo. Koma Mulungu potuma mneneri Eliya, sadamtume kwa oponya miyala aja ai. Adamtuma kwa mfumu, popeza ndiye amene adadya phindu la magazi.

Lero munda wa Naboti uli ku Kolwezi, kumwera kwa dziko la Congo, kufupi ndi malire a Zambia. Pansi pa nthaka ya kumeneko pali mwala wotchedwa cobalt, umene amapangira mabatire a mafoni, makompyuta ndi magalimoto oyendera magetsi. Magawo oposa awiri mwa atatu a cobalt yense wa pa dziko lapansi amachokera ku Congo. Mu 2014 bungwe la UNICEF lidayerekeza kuti ana okwana 40,000 ankagwira ntchito m'migodi ya kumwera kwa dzikolo. Mu 2016 mabungwe a Amnesty International ndi Afrewatch adapeza ana akusenza matumba olemera ndi kutsuka miyala m'mitsinje tsiku lathunthu, malipiro ake dola imodzi kapena ziŵiri. Miyalayo idadutsa m'manja mwa amalonda ambirimbiri, kotero kuti pofika ku makampani akuluakulu a ku Asia, Ulaya ndi America, aliyense ankati sakudziŵa kumene idachokera. Ahabu nayenso akadatha kunena choncho.

Ena adzati, za ku Congo zikutikhudza bwanji ife? Foni ili m'thumba mwanuyo iyankhe. Ndiponso makolo athu adanena kale kuti chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe. Nthaka yathu nayonso ili ndi miyala imene alendo akuisirira.

Eklezia sadakhale chete. Asisitere a Mbusa Wabwino ku Kolwezi amachotsa ana m'migodi, nawapatsa sukulu ndi chakudya. Mu 2020 maepiskopi oposa 100 a m'maiko osiyanasiyana adasaina kalata yopempha maboma kuti aike malamulo okakamiza makampani kufufuza njira yonse imene katundu wao amadzera. Ndipo mu Januwale 2023 Papa Fransisko, ali ku Kinshasa, adadzudzula poyera onse amene amaona Afrika ngati mgodi wongokumba.

Malamulo otere ngotheka. Dziko la France lidakhazikitsa lake mu 2017, loti kampani yaikulu iziyankha pa zoipa zochitika m'ntchito zake ngakhale kunja kwa dzikolo. Tsono tikupempha maboma onse, a maiko ogula ndi a maiko okumba omwe, kuti achite chimodzimodzi, ndi kuti lamulolo likhale ndi mano. Makampani tikuwapempha kuti asathaŵe ku Congo pofuna kusamba m'manja, pakuti banja la wokumba lidzagona ndi njala. Akhale komweko, agule pa mtengo wachilungamo, alimbitse maenje kuti asagumukire anthu, ndipo atate akalandira zokwanira mwana adzabwerera ku sukulu.

Inu akatekisiti, pa msonkhano wa mphakati sabata ino muŵerenge mutu 21 uja pamodzi ndi akhristu, ndipo pa mapemphero a anthu okhulupirira Lamulungu likudzali, mutchule ana a ku Kolwezi.

Ambuye akhale nanu.