Mukakwatiranso, lembaninso wilo



Ine ndine mtolankhani, ndipo nkhani imene ndabwera nayo ndi ya ana a banja loyamba. Bambo kapena mayi akakwatiranso, pakhomo pamakhala ana amitundu itatu: amene anabwera nawo, amene anawapeza, ndi obadwa m'banja latsopanolo. Kholo lili moyo, onse amadyera mbale imodzi. Likangotsikira kumanda, mbale ija imasweka.

Malamulo tili nawo. Gawo 23 la malamulo oyendetsera dziko a 1994 limati ana onse ndi ofanana, posayang'ana m'mene anabadwira. Mu 1998 aphungu athu anagamula kuti kulanda chuma chamasiye ndi mlandu, ndipo mu 2011 anakhazikitsa lamulo latsopano loika mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana patsogolo pa abale ena onse.

Koma tamverani msampha wake. Bambo amasiyira mkazi wachiwiri nyumba yonse, ati adzagawira yekha anawo. Mayiyo akadzamwalira, nyumba ija imawerengedwa kuti ndi chuma chake, choncho imapita kwa ana ake iye. Ana a mkazi woyamba amangoyang'anira kumpanda nyumba imene mayi awo anaumbira njerwa. Palibe waba apa ayi, wasowa ndi wilo wolembedwa bwino.

Msampha wina ndi uwu: wilo amene munalemba musanakwatirenso, ukwati watsopano ungathe kumufafaniza. Ukwati ukangomangidwa, lembani wina.

Kulemba kwake sikufuna digiri. Mukhale ndi zaka 18 ndi maganizo abwinobwino. Tchulani mwana aliyense dzina lake, ngakhalenso wopeza ngati mufuna adzalandire. Tchulani chinthu chilichonse: nyumba ya ku Ndirande, chigayo, ng'ombe, buku la kubanki. Nenani ngati mkazi wanu adzangokhalamo m'nyumbamo mpaka imfa yake, kenaka ibwerere kwa ana. Sainani pamaso pa mboni ziwiri zosalandira nawo kanthu, nazonso zisaine. Mukatero kasungitseni ku High Court kapena kwa DC, osati pansi pa mphasa.

Ena amati kulemba wilo n'kudziitanira imfa. Bodza limenelo! Chakudza sichiimba ng'oma. Tinavota pa 14 June 1993 kuti munthu aliyense azilankhula yekha zakukhosi. Tsono bwanji pa za ana anu mufuna adzakulankhulireni ndi atsibweni, inu muli chete m'bokosi?

Lankhulani lero, papepala.