Mwana wa Autism: Zimene Dotolo Afunsa Makolo

M'caka ca 1943 Dotolo Leo Kanner wa ku Baltimore, ku America, analemba za ana 11 amene anali kukhala paokha, osasewera ndi anzao, nabvutika mtima zinthu za m'nyumba zikasinthidwa malo. Mkhalidwe umenewu ucedwa autism. Si ufiti ai, ndiponso si kulakwa kwa amai.

Koma dzina lokha siliuza makolo zimene mwana atha kucita. Ana a autism asiyana kutali: wina awerenga bwino, koma sadziwa kuoloka mseu wa m'komboni umene malole a mgodi apitamo, wina salankhula konse, koma abvala yekha natsuka mbale yace.

Cifukwa cace dotolo akapeza dzinalo ayenera kufunsanso za makhalidwe a tsiku ndi tsiku. Kodi mwana adya yekha? Apita yekha kucimbudzi? Akamva ludzu kapena kuwawa, adziwitsa bwanji akulu? Mafunso otere, monga a Vineland amene anasindikizidwa mu 1984, ayankhidwa ndi amai kapena ambuye olera mwanayo, pakuti dotolo amuona kanthawi kocepa cabe. Mayankho ao ndiwo asonyeza aphunzitsi poyambira. Mwana wowerenga uja ayambe waphunzira za mseu.